Okavango ndi Namib pa ulendo umodzi mu Febuluwale, zingatheke?

Wakamera_25

Moni nonse. Ine ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi ma bridal shower kuno ku Lilongwe, makamaka cha ku 25, 49 ndi 18, koma mtima wanga unapita ku nyama zakutchire kalekale. Ndakhala ndikusunga kangachepe ndipo ndikufuna ndikajambule malo awiri amene ndimangowaonera pa Instagram, madambo a Okavango ku Botswana ndi chipululu cha ku Namibia kuja kuli mapiri amchenga ofiira ndi mitengo youma yakuda. Vuto ndi loti kuyambira Meyi mpaka Disembala Loweruka lililonse ndimakhala pa ukwati, nde nthawi imene ndingachoke osataya makasitomala ndi kumapeto kwa Januwale kapena Febuluwale basi. Zida zanga ndi Canon ya crop (ya sensa yaing'ono), lenzi ya 70-300, 50mm, ndi ka 18-55 kobwera ndi kamera kaja. Mnzanga wina ali ndi Hilux, akuti tikhoza kupitira limodzi bola mafuta tigawane. Masabata awiri akwana kuona malo onse awiri? Nanga 300mm ikwanira kapena ndizikangojambula timadontho? Amene munafikako ndithandizeni ndisanawononge ndalama za thukuta.

Madala_wa_Safari

Achimwene, ine ntchito yanga ndi yoyendetsa alendo nde ndikuuzani mosabisa, pulani yanuyi ili ndi mavuto awiri, mwezi ndi mtunda.

Tiyambe ndi madzi chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri akwathu amasokonezeka. Ife tinazolowera kuti mvula ikagwa dambo limadzadza tsiku lomwelo. Okavango sayenda choncho. Madzi ake ambiri ndi a mvula yogwa kumapiri a ku Angola, amatsika ndi mtsinje kudutsa Namibia, kulowa Botswana pa Mohembo cha mu Malichi ndi Epulo, kenako poti dziko lake ndi lathyathyathya kwambiri amayenda ngati sakufuna, m'mabango ndi m'gumbwa, mpaka kukafika ku tawuni ya Maun cha mu Juni kapena Julayi. Ndiye kuti madzi amakhala ochuluka zedi kuyambira Juni mpaka Ogasiti, nthawi imene kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe ndipo tchire lonse lozungulira lauma. Nchifukwa chake nyama zimathamangira kumeneko. Madziwo safika kunyanja ayi, amathera mumchenga wa Kalahari ndi kuuma ndi dzuwa. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2014, anali malo a nambala 1000.

Tsono Febuluwale wanuyo madzi aku Angola asanafike, timitsinje tambiri timakhala tochepa, malo ena mokoro, bwato lawo lopalasa ndi mponda lija, sayenda nkomwe. Koma mvula yakomweko ikugwa, udzu watalika, nyama zamwazikana chifukwa zikumwa paliponse, ndipo misewu ya mu paki ya Moremi cha ku Third Bridge ndi Xakanaxa imakhala matope ndi zithaphwi zoti Hilux imodzi yopanda inzake yoikoka mudzagona momwemo. Ubwino wake ndi woti mitengo imatsika ndipo alendo ndi ochepa.

Zithunzi mumaziona pa Instagram zija zambiri zimachokera ku makampu amkati amene umapitako ndi tindege ting'onoting'ono tochokera ku Maun, katundu osapitirira 20 kg m'chikwama chofewa, kamera yomwe kuwerengera, ndipo ambiri mwa makampu amenewo nyengo yabwino amadutsa 1,000 dollars munthu mmodzi usiku umodzi. Ife amatumba obooka timakwera mokoro wa anthu akumudzi cha ku Boro pafupi ndi Maun, kapena kumanga tenti ku Khwai. Komanso mudziwe kuti mokoro si wojambulira mikango. Umakhala pansi penipeni, mabango akutchinga mbali zonse, bwato likugwedezeka ukangosuntha phewa. Ndi wabwino pa tiachule tamawangamawanga tokakamira pa bango, maluwa am'madzi, mbalame ya jacana yoyenda pamasamba, mwina lechwe, nyama yonga gwape ya m'madambo, ikuthamanga m'madzi ngati mwayi ulipo. Mukafuna njovu zikuwoloka mtsinje, njati, mvuu, ndiye mtsinje wa Chobe pa tawuni ya Kasane, kuli maboti opangira anthu ojambula okhala ndi mipando yozungulira ndi pomangirira kamera.

Mtunda tsopano. Lilongwe, Mchinji, Chipata, Lusaka, Livingstone, mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, mpaka Kasane ndi makilomita opitirira 1,200, masiku awiri athunthu osayenda usiku. Kasane kupita Maun kudzera Nata ndi 600. Maun kupita Windhoek kudzera Ghanzi ndi pafupifupi 800, kuchoka apo kukafika Sesriem, polowera ku mapiri amchenga aja, enanso opitirira 300 ambiri ake a fumbi. Kupita kokha mwayandikira 3,000, nanga kubwerera? Pa masiku 14 anuwo oposa theka muthera pa chiwongolero, ndipo mbandakucha uliwonse umene mukanakhala mukujambula udzakupezani mukupakira tenti. Sankhani dziko limodzi.

NaBanda_mbalame

Ndikugwirizana ndi a Madala, koma ine ndifunse kaye, achimwene ku Liwonde munakwerapo boti ndi kamera? Chifukwa ngati simunakwerepo ndiye sukulu yanu ili pompa, maola anayi kuchoka mu town kudzera Dedza, Ntcheu ndi Balaka, mulipira makwacha pa mtengo wa Amalawi, pasipoti osafunika. Ndipo Febuluwale yemweyo Shire ndi wokoma, misewu ina ya mu paki imatsekeka ndi matope koma boti limayendabe, kumtunda kuli kobiriwira, mitambo yakuda kumbuyo kwa migwalangwa, mbalame zochokera kumpoto zilipo ndipo zakuno zavala nthenga zoswera. Chiyambireni bungwe la African Parks kuyendetsa pakiyi mu 2015 kwabwera cheetah mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019 ndi mimbulu mu 2021, ndipo njovu zinachuluka mpaka 263 anazisamutsira ku Kasungu mu 2022. Anthu amachoka ku Ulaya kudzasaka Pel's fishing owl, kadzidzi wamkulu wogwira nsomba uja, ndi Böhm's bee-eater ndi Lilian's lovebird m'mitengo ya tsanya, ife tili pano tikulota za Botswana kkk.

Kujambula pamadzi kuli ndi zake zimene ukwati sunakuphunzitseni. Boti likamalira injini limanjenjemera nde tripod isiyeni, ndiponso osatsamiritsa lenzi pa chitsulo cha boti, gwirani m'manja zigongono zili pamimba. Shutter isatsike 1/1000 olo nyama itaima, mbalame youluka 1/2000 kupita mtsogolo, ISO ikwere palibe kanthu, chithunzi cha timchenga chimakonzeka pa kompyuta koma chogwedera ndi chotaya. Ikani continuous focus, pa Canon ndi AI Servo. Chinthu china, kakowa ndi mutu wa nkhwazi ndi zoyera mbee pamene kumbuyo kuli madzi akuda, kamera imapusitsidwa nkuwalitsa kwambiri, nthenga zonse zimapsa, nde chepetsani exposure ndi stop imodzi. Apa mwina mukudziwa kale chifukwa cha diresi la mkwatibwi. Kusiyana kwake nkwakuti njovu si mkwatibwi, simungaiuze kuti mayi tabwererani mulowenso bwino sindinajambule.

Muzilankhula ndi woyendetsa boti musananyamuke. Mumuuze kuti mukufuna dzuwa lizikhala kumsana kwanu, komanso azizimitsa injini patali boti liziyandama lokha kuyandikira. Shire pa Liwonde amayenda kuchoka kumpoto kupita kumwera, ndiye m'mawa kuwala kwabwino kuli pa gombe la kumadzulo, madzulo kuli pa gombe la kum'mawa kumene kuli gawo lalikulu la paki. Ndipo kamera izikhala pansi momwe mungathere, mvuu yojambulidwa uli chiimire imaoneka ngati mwala basi, koma ukatsika kufika pa maso ake ndi nkhani ina.

Madambo tili nawo ena. Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje inalowa mu Ramsar, mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2017, njovu kulibe masiku ano koma mbalame zam'madzi nzosayamba, umalowa ndi bwato la asodzi ndipo namasupuni amatseka njira nthawi zina. Chilwa mukhoza kukwerera pa Kachulu. Vwaza ku Rumphi, pa nyanja ya Kazuni, chilimwe njovu zimabwera zokha pafupi ndi pogona, iwe uli khale pakhonde. Olo muno mu Lilongwe, maiwe a zonyansa aku Kauma aja, fungo lake lokha ndiye lovuta koma abakha akutchire ndi timbalame tam'mphepete mwa madzi ndi tambiri, pophunzirira kujambula zouluka palibe poposa pamenepo ndipo ndi ulere wa mafuta.

Mchenga_4x4

Ine pang'ono nditsutse. A Madala anena zoona za Okavango koma asakuopsezeni ngati Febuluwale ndi mwezi wotayika. Mwezi umenewo ndi wa Kalahari. Chipululu chimajambulika bwino nthawi ziwiri zosiyana ndipo muyenera kudziwa mukufuna iti.

Yoyamba ndi ya chilimwe pamene nyama zimakakamizika kubwera pa chitsime. Paki ya Etosha ku Namibia ndi choncho, Julayi mpaka Okutobala umangoimika galimoto pa chitsime nkudikira, mbidzi, springbok ndi gemsbok (nyama za mtundu wa agwape), akadyamsonga, njovu zoyera ndi fumbi la pamenepo, zonse zikubwera mosinthana, ndipo pa Okaukuejo pali chitsime chowunikidwa ndi magetsi usiku pamene zipembere zimadzamwa iwe utakhala pa benchi kuseri kwa kampanda. Mukapita mu Febuluwale chitsime chomwecho mupeza nkhunda ziwiri. Nde Etosha ichotseni.

Yachiwiri ndi ya mvula, ndipo iyi ndi yanu. Mvula ikagwa mu Kalahari m'zigwa zakale mumamera kaudzu kafupi kokoma, nyama zimasonkhana pamenepo kudzaswa. Nxai Pan, imene ili panjira ya Nata kupita Maun, kuyambira Disembala mpaka Malichi imadzadza mbidzi zochokera ku mtsinje wa Chobe, zimayenda makilomita pafupifupi 250 kudzafika pamenepo. Malo ake ndi apululu, udzu waufupi, palibe chotchinga, springbok zili ndi ana, cheetah ndi mikango zikuzungulira, kumwamba mitambo ya mabingu imene imapanga chithunzi payokha. Pafupi pomwepo pali milambe ya Baines' Baobabs imene Thomas Baines anaijambula pamanja mu 1862 ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni, koma chigwa chamchere chozungulira chikanyowa osayerekeza kuyendapo, pamwamba pamaoneka pouma pansi pali phala, galimoto imamira mpaka ma diff. Deception Valley mu Central Kalahari ndi yokomanso kuposa apo miyezi yomweyi, mikango ya manyenje akuda, koma kumeneko madzi, mafuta, chakudya zonse umanyamula wekha, netiweki kulibe, pogona palibe mpanda, ine galimoto imodzi ndi anthu oyamba kumene sindingakutumizeniko.

Za Namib, poti ndi kumene mtima wanu uli. Sossusvlei, kumene kuli mapiri amchenga aja, si malo a nyama zambiri, mudziwiretu. Mukaona gemsbok zingapo, nthiwatiwa, springbok, nkhandwe, basi. Chithunzi cha kumeneko ndi kuwala, phiri lamchenga mbali imodzi yofiira psuu inayo yakuda bii, ndi kagemsbok kamodzi pansi pake kakang'ono. Pamenepo 70-300 yanuyo ndi yokwana ndithu, lenzi yaitali imasendeza phiri kuti lidzadze chithunzi chonse. Koma kuwala kumeneko kumatha msanga, ola limodzi kapena awiri dzuwa litatuluka zatha, mchenga wasanduka wotuwa. Chinsinsi ndi geti. Pa Sesriem pali mageti awiri, lakunja limatsegulidwa dzuwa likatuluka, lamkati ola limodzi dzuwa lisanatuluke, nde ogona pa kampu ya mkati ndi amene amapeza kuwala. Kuchoka pa geti pali makilomita 60 a tala, Dune 45 ili panjira, kenako 5 omaliza ndi mchenga wakuya wofuna 4x4 matayala ataphwetsedwa, kenako wapansi kilomita imodzi kukafika ku Deadvlei kuli mitengo yanu ija, inafa zaka zoposa 600 zapitazo koma siwola chifukwa kulibe chinyontho. Febuluwale kumatentha kudutsa 40, pofika 10 koloko mchenga umawotcha kudzera mu nsapato.

Kutentha kumeneku ndi mdani wa lenzi zazitali. Mpweya wa pamwamba pa nthaka umavina, chilichonse chili patali chimatuluka chofewa ngakhale lenzi ikhale ya mamiliyoni angati, anthu amayamba kuganiza kuti focus yafa. Mankhwala ake ndi kujambula m'mawa kwambiri ndi kuyandikira. Mdani wina ndi fumbi. Osasintha lenzi panja, olo m'galimoto mawindo ali otsegula. Ma zoom otuluka ndi kulowa ngati yanuyo amapopa fumbi kulowetsa mkati, nde muziivindikira ndi pilokesi yakale mukamayenda, ndi kapampu kopemerera sensa kaja mugule, osapukuta galasi ndi malaya mchenga uli pomwepo.

Chaka china mukadzapeza mpata, malo amene madzi ndi chipululu zimakumana zenizeni ndi Walvis Bay ndi Sandwich Harbour ku gombe la Namibia, mapiri amchenga akugwera m'nyanja, ma flamingo m'madzi osaya, nkhandwe zikuyenda pagombe, ndi nkhungu yam'mawa yobwera chifukwa cha madzi ozizira a Benguela. Nkhungu imeneyo ndi imene imamwetsa tizilombo ta m'chipululumo, kuli kachikumbu kamene kamaima chozondoka pamwamba pa mchenga kuti madontho atsikire kukamwa. Ku Swakopmund kuli anthu oyendetsa alendo kukaona timeneti, abuluzi, mabirimankhwe ndi kanjoka koyenda chammbali, apo nkumene 50mm yanu ingagwire ntchito.

Misewu ya fumbi ya ku Namibia ndi yosalala nde imanyenga, alendo ambiri amagubuduzika pamenepo. Osadutsa 80, masipeya awiri.

Kwacha_yagwa

Kkkk nonse mukukamba za kuwala palibe akukamba za forex. Aise, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 kupeza dollar ku banki ndi safari payokha, uyambiretu kufola pano. Ndipo usadalire khadi yokha, malire ake kunja akhoza kukuchititsa manyazi pa filling station. Ubwino pasipoti yathu Zambia, Botswana ndi Namibia sifuna viza, ndipo m'mapaki ambiri muli mtengo wa anthu a SADC wotsikirapo, uzifunsa wekha pa geti. Ku Namibia rand imagwira ntchito chimodzimodzi ndi dollar yawo. Galimoto ikhale ndi blue book, kalata ya apolisi, yellow card ya inshuwalansi ya COMESA ya ku Zambia, kuphatikiza carbon tax ndi ma toll. Nyama yaiwisi osanyamula yambiri, ku Botswana kuli mageti a zachipatala cha ziweto chifukwa cha matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi, amalanda. Drone isiye kunyumba, m'mapaki ndi yoletsedwa.

Koma ine ndikudabwa mukulumpha South Luangwa bwanji. Mchinji, Chipata, Mfuwe, kunyamuka m'mawa nkhomaliro ukadyera konko. Febuluwale ndi Malichi Luangwa amasefukira kulowa m'nkhalango, makampu ena amayendetsa alendo pa boti pakati pa mitengo, ndiponso kumeneko amalola kuyenda usiku ndi tochi nde kambuku ndi wosavuta kumuona. Okavango ya amphawi imeneyo.

Wakamera_25

Eee zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula m'maso. Za madzi a ku Angola zija ine ndimangoti dzinja ndi dzinja paliponse. Ndakamba ndi mwini Hilux, Namib taisiya kaye. Tikuganiza Kasane masiku angapo pa boti, kenako Nxai Pan, nkubwerera. Achemwali NaBanda, Liwonde ndipitako isanathe Januwale ndikayesere. Funso latsala ndi la lenzi, pali wina akugulitsa Sigma 150-600 yogwiritsidwapo kale, koma ndikaigula ndalama ya masiku atatu kapena anayi a ulendo yapita. Nditani?

NaBanda_mbalame

Pa crop ya Canon 300mm imaoneka ngati 480, pa njovu, mvuu ndi mbidzi ndi yokwana, pa Chobe nthawi zina mudzachita kubwerera ku 70 chifukwa njovu zayandikira kwambiri. Pa mbalame zazing'ono ndi yochepa, osanama. Ine 150-600 ndimaikonda koma imalemera pafupifupi 2 kg ndipo kumapeto kwake ndi f/6.3, kukachita mitambo ISO imakwera msanga, ndipo imafuna kuizolowera, si yogula lero mawa nkukwera nayo boti. Ngati muigule, kaiyeseni kaye masana panja pa 600, muone ngati focus ikugwira pamene mwaloza, ndipo muwunikire mkati ndi tochi ya foni, zambiri zogulitsidwa kuno zili ndi nguwi ya chinyontho m'magalasi.

Madala_wa_Safari

Ine ndingasankhe masiku. Alendo amene ndawaona akubwerera ndi zithunzi zoti wina nkupachika pakhoma si a malenzi aakulu kwambiri, ndi amene amavomera kukhala pamalo amodzi maola atatu pamene anzawo akuti tiyeni tikaone kutsogolo. Nyama zili ndi chizolowezi, tsiku loyamba umangoona, lachiwiri wadziwa kuti njovu zimatsikira pati ndipo nthawi yanji, lachitatu umakafika iwe poyamba nkuimika galimoto mbali ya dzuwa. Komanso maboti ojambulira a pa Kasane ena amabwereketsa kamera ndi lenzi yaitali pa mtengo womwewo wa ulendo, mungonyamula memori khadi yanu, funsani pobukitsa.

M'malo mwake sokani kathumba ka nsalu yolimba, mukafika muthiremo mpunga kapena nyemba, muziika pa windo nkutsamiritsapo lenzi, injini itazimitsidwa. Batire zikhale zitatu ndi chaja ya m'galimoto chifukwa ku Nxai kulibe magetsi. Ndipo chonde musakakamize woyendetsa kuti ayandikire mvuu kapena atuluke mumsewu chifukwa cha chithunzi, laisensi imene imalandidwa ndi yake, inu mudzakhala mutabwerera ku 25. Njovu ikatambasula makutu nkupukusa mutu ikukuuzani kuti mwafika pafupi, bwererani pang'onopang'ono, ndipo galimoto muziimika moti kutsogolo kuli kotseguka.

Mchenga_4x4

Apa a Madala sinditsutsa. Kungowonjezera za Nxai, malo omanga tenti ku South Camp ndi ochepa nde bukitsani panopa, osadikira Januwale, ndipo mapepala a bukingi musindikize chifukwa pa geti foni sikuthandizani. Kuchoka pa tala kukafika mkati ndi makilomita oposa 30 a mchenga wakuya, phwetsani matayala mufike cha mu 1.5 bar, mukhale ndi pampu yopopera potuluka, fosholo ndi chingwe chokokera. Mafuta mudzadze pa Nata ndipo mutengeko ena m'zigubu, mumchenga Hilux imamwa kwambiri kuposa pa tala. Msewu wa Kasane kupita Nata musauyende usiku, njovu zimaima pakati pa tala ndipo siziwala ndi malaiti.